Mzere Wofiira, Mzere Woyera

Chipale chikangosungunuka mu Juni
ndimanyamula zitini ziwiri ndi burashi yothothoka ubweya
n'kuyamba chitunda kuseri kwa tchalitchi,
ng'ombe za Vigil zikugwedeza mabelu m'khosi
ngati zikundiseka.

Mzere wofiira, mzere woyera, mzere wofiira.
Ndimalemba pathanthwe loyang'ana wokwera,
n'kuzungulira kuseri kulembera wotsika,
pakuti wotsika ndiye wotopa,
maondo ali njenjenje,
mtima utafika kale pamowa wa m'chigwa.

Chaka chilichonse phiri limafufuta zina.
Mwala umene ndinaupaka chaka chatha
ndaupeza chagada mumtsinje,
ukulozera nsomba njira ya kumpata.
Chingwe chachitsulo cha paphompho lachitatu
chazuka msomali umodzi.
Ndalemba m'kabuku. Ndamangapo nsanza.

Pakanyumba ka pamtunda
Notburga wandiona kale pawindo.
Safunsa za ulendo. Amayang'ana nsapato zako,
kenako mitambo ya kumadzulo, kenako wotchi.
Supu wa balere ali pamoto,
masokosi a alendo akuuma pachingwe,
ndipo buku lili patebulo, pensulo yomangidwa ndi ulusi:
dzina lako, kumene wachokera, kumene ukulowera.
Achinyamata amaseka, ati mapu ali m'foni.
Iye amangowakankhira bukulo.
Foni imafa ndi chisanu, amatero,
pepala silimva kuzizira.

M'buku la zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo
muli tsamba limene sindilitsegula.
Ilario, mphunzitsi wa masamu wa kutauni,
analemba ndi dzanja laudongo:
kunsonga, ndibwera supu asanazizire.

Nkhungu inakwera dzuwa litangopendeka,
yoyera ngati mkaka, yopanda kumwamba kapena pansi.
Matalala anatsatira. Kenako mdima.
Notburga anavundikira mbale yake,
anapachika nyali pakhonde,
anaimba belu mpaka phewa linakana.
Helikoputa siuluka m'mkaka.
Tinakwera asanu, zingwe m'chiuno,
tikuitana dzina la munthu amene sitinamuonepo,
phiri n'kumatibwezera dzinalo, lopanda mwini.

Tinamupeza kukucha,
atakhala pansi, atakumbatira mwala
monga mwana wogona pamwendo pa amake.
Nsidze zili mbuu, milomo yabiriwira,
koma akupuma.
Pansi pa chibwano chake, mizere yanga itatu.

Atamwa tiyi, mano akugundana, anati:
ndinafika pa uwu,
wotsatira sindinauone,
ndiye ndinakhala.

Anzanga anamusisita pamsana, ati wachita zanzeru,
kuphompho kunali mapazi khumi okha.
Ine ndinakhala chete n'kuyamba kuwerenga.
Kuchokera pamwala wakewo kukafika pa wotsatira,
mapazi makumi anayi ndi awiri.
Ndinalikumbukira tsiku limene ndinadutsapo:
dzuwa lili phwee, nsonga zonse zikuoneka mpaka kumalire,
utoto utatsala pansi pa chitini,
ine n'kunena mumtima, apa ndi poonekeratu,
ngakhale mwana sangasochere.

Zala ziwiri za kuphazi zinatsala kuchipatala.
Amanditumizira khadi pa Khirisimasi.
Amandithokoza.
Makadiwo ndimawaika m'bokosi la misomali.

Tsopano pamalo amenewo ndimapaka mapazi khumi ndi asanu aliwonse.
A komiti ya m'mudzi amadandaula za mtengo wa utoto,
mlendo wina wa kamera anati ndalidetsa phiri.
Mwina.
Koma sindilembera munthu wa tsiku la dzuwa.
Ndimatsinzina pang'ono, ndimaweramira pansi,
ndimayesa kuona ngati munthu wanjala, wonyowa,
amene dziko lake lafupika mpaka pansonga ya ndodo,
ndipo ndimadzifunsa: ukanauona?

Akhwangwala a milomo yachikasu andizungulira,
akudikira nyenyeswa za buledi.
Kumadzulo mtambo wina wayamba kutupa.
Kwatsala miyala isanu ndi umodzi kuti ndifike kumpata,
koma ndatseka zitini.
Idzakhalapo mawa.
Ndinalemba m'buku la Notburga kuti ndibwera isanakwane folo,
ndipo mayi uja amawerenga.